Phazi Lomwe Linachoka pa Buleki

1. Ovolosi ya pamsomali

Pagalaja ya bambo ake aliyense ankamuitana kuti Teni. Dzinali anamupatsa ndi achimwene ake akadali wamng'ono. Ankati mlongo wawoyo ali ngati sipanala ya nambala teni: ndi yaing'ono, imafunika pa ntchito iliyonse, koma ukamaifuna siioneka.

Tsopano Teni anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndipo ankaphunzira kusekondale. Achimwene akewo anali atamwalira pangozi ya galimoto miyezi isanu ndi itatu yapitayo.

Ovolosi yawo inali ikadali pamsomali, kuseri kwa chitseko cha galaja. Palibe amene anaichotsa. Mphepo ikalowa, mikono ya ovolosiyo inkagwedera ngati munthu akukodola mnzake. Teni ankadutsa pamenepo atayang'ana kumbali.

Tsiku la ngoziyo linali Loweruka. Bambo anali atapita kukagula zipangizo. Achimwene ankachotsa mpweya m'mabuleki a kalole kakang'ono ka munthu wina wogulitsa matabwa. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri. Wina amakhala pansi pa galimoto n'kumatsegula kanati kotulutsira mafuta a mabuleki. Wina amakhala pampando wa dalaivala n'kumaponda chopondera. Wapampandoyo sayenera kudzutsa phazi mpaka wapansi atatseka kanati kaja, chifukwa akadzutsa msanga, mpweya umabwerera m'mapaipi.

Wapampando tsikulo anali Teni.

"Ponda!" achimwene ankatero ali pansi. "Gwira! Siya!"

Atafika pa tayala lomaliza, foni ya Teni inalira m'thumba. Anali mnzake wa kusukulu. Potulutsa foniyo, phazi linadzuka mawu oti "siya" asanamveke. Analibwezera msanga, n'kukhala chete.

Achimwene anatuluka pansi, anapukuta m'manja, anati akukayesa galimotoyo pamsewu. Pamalo otsetsereka, pafupi ndi mphambano, kaloleko sikanaime.

Teni sanauze munthu za phazi lija. Kuyambira pamenepo sanakhalenso pampando wa dalaivala wa galimoto iliyonse. Bambo nawo anasiya kulandira ntchito za mabuleki. Munthu akabwera nazo, ankangomuuza kuti, "Pitani kutsogoloku, ine wondipondera ndilibe."

Koma nthawi zina masana, Teni akamasesa m'galajamo, ankamva mawu ochokera pansi pa galimoto. "Ponda! Gwira!" Akawerama kuti aone, ankangopeza madontho a oyilo pasimenti.

2. Mpope wa maluwa

Maganizo anamubwerera m'kalasi. Aphunzitsi a sayansi ankafotokoza kuti mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika. Ukakankha madzi mbali ino ya paipi, mphamvu yonse imakafika mbali inayo.

Teni anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, ndiye kuti chokankhacho sichiyenera kukhala phazi la munthu?"

"Phazi la ndani?" anafunsa aphunzitsiwo. Anzake anaseka. Teni sanaseke nawo.

Ataweruka anapeza amayi ake akuchapa kuseri kwa nyumba.

"Amayi, kampope kaja munagula kuti muzipopera maluwa kali kuti?"

"Kali pamwamba pa kabati, m'katoni mwake. Maluwawo anauma ndisanakagwiritse n'komwe. Ukufuna kukhala mlimi tsopano?"

"Ayi, ndikufuna kuyesa chinachake."

"Tenga. Bola usandibwezere kali mbali ziwiri ngati wailesi ija."

Masiku atatu otsatira, akaweruka kusukulu, Teni ankakhala pakona ya galaja. Anadula kamlomo kopoperako n'kulumikizapo paipi yapulasitiki yoonekera mkati, yotalika mikono iwiri. M'bokosi la zitsulo zakale anapezamo chotsekera cha kathanki ka mafuta a mabuleki. Anachiboola pakati, analowetsamo kachitsulo kamphako, n'kumanga ndi nati mbali zonse. Anadula chubu chakale cha tayala kukhala ngati mphete kuti mpweya usamathawire m'mbali. Pathupi pa mpopewo anaboolapo kabowo n'kumangirirapo geji yakale yoyezera mpweya, ya pampu ya matayala.

Ulendo woyamba, atangopopa kasanu, paipi inavuka n'kumukwapula patsaya. Ulendo wachiwiri anamanga ndi waya, koma chotsekera chinkalira ngati njoka. Ulendo wachitatu anadula mphete ina ya chubu chokhuthala, anatseka kubowo ndi chala, n'kupopa. Muvi wa geji unakwera n'kuima nji.

"Ndi chiyani chimenecho?"

Teni anadzidzimuka. Bambo anali ataima kumbuyo kwake, nsanza ili m'manja.

"N'chochotsera mpweya m'mabuleki, bambo. Mumathira mafuta mumpopemu, chotsekerachi n'kumanga pakathanki ka galimoto. Mukapopa, mafuta amakankhika okha. Inu mumangotsegula nati kumatayala. Sipafunikanso munthu woponda."

Bambo anatenga chidacho n'kuchitembenuza uku ndi uku. Kenako anakoka chigubu n'kukhalapo.

3. Mawu a bambo

"Khala pansi, mwanangu," anatero bambo. "Zida zotere ndinaziona m'magalaja akuluakulu, zogula. Sindinkadziwa kuti mwana wanga angapange chake ndi mpope wa maluwa a amake. Mutu uli nawo. Koma tamvera, ndipo umvetsetse.

"Injini ikavuta, galimoto imaima, mwini wake n'kumatukwana ali m'mbali mwa msewu. Mabuleki akavuta, galimoto siima. Ndiye pa ntchito zonse za m'galaja muno, iyi ndi yomwe munthu sachita akuganiza zina.

"Choyamba, mumpope umenewu musalowe madzi ngakhale dontho. Mafuta a mabuleki amamwa madzi ngati mchenga. Amamwa ngakhale chinyezi cha mumpweya. Botolo lomwe lakhala chitsegulire miyezi, litaye, usalimvere chisoni. Madzi akalowa, galimoto ikamatsika phiri mafuta amawira, ndipo dalaivala amaponda chopondera mpaka pansi ngati akuponda phwetekere wowola.

"Chachiwiri, usapope ngati ukupopa tayala la thirakitala. Muvi ukafika pa khumi ndi zisanu, siya. Kathanki kaja n'kapulasitiki. Kakaphulika, mafuta amenewa amadya penti ya galimoto, ndipo m'maso akalowa udzalira osaona womulirira. Ukamaliza, yamba waphwetsa mpweya usanamasule chotsekera.

"Umayambira tayala lomwe lili kutali ndi kathanki, n'kumabwera chakuno. Sutseka nati mpaka thovu litatha m'kapaipi.

"Koma chachikulu n'ichi. Usanathire mafuta, popa mpweya wokha, ndiye uyang'ane muvi. Ukaima, zili bwino. Ukamatsika, ngakhale pang'ono ngati tsitsi, pali pomwe pakudontha. Pamenepo usaone nkhope ya mwini galimoto. Kaya ndi wamkulu, kaya akukalipa, kaya akuthamangira maliro, iwe nena zomwe waona. Makaniko amene waona chinthu n'kukhala chete ndi woipa kuposa amene sanaone n'komwe. Wosaonayo ndi mbuli chabe. Winayo ndi..."

Bambo anayang'ana kuchitseko komwe kunali ovolosi kuja, n'kudzuka.

Teni anali atazyolika.

"Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Tidzachiyesa ikadzabwera galimoto."

4. Minibasi ya ana

Galimotoyo inabwera Lachisanu, tsiku lomwe kusukulu kwa Teni kunalibe maphunziro. Inali minibasi yachikasu yonyamula ana a sukulu ya mkaka. Pamagalasi pake panali zidindo za timanja. Dalaivala wake anali bambo wina wamfupi, wamimba, amene anthu ankamutcha Achangu chifukwa ngakhale moni ankapereka akuyenda.

"A makaniko, ndithandizeni," anatero asanatsike n'komwe. "Buleki yafewa. Ndikumachita kuipopa kawiri kuti igwire. Ndi kampweya chabe. Mungochotsa, ine ana akuweruka twelofu."

"Mukudziwa kuti za mabuleki ndinasiya," anatero bambo.

"Ndazungulira magalaja atatu, konse kwadzaza. Mukufuna ndizikaimitsa ndi nsapato?"

Bambo anayang'ana Teni. Teni anapita pakona n'kukatenga chida chija.

Achangu atachiona anaseka mpaka kugwira bondo.

"Aaa, a makaniko! Ine ndati mabuleki, sindinati minibasi yanga yagwidwa nsabwe! Mwana ameneyu akufuna kuipopera mankhwala?"

"Mulekeni agwire ntchito," anatero bambo. Anakweza kumbuyo kwa minibasi ndi jeke, anaikira zitsulo zochirikiza, n'kulowa pansi ndi sipanala ndi kabotolo.

Teni anamasula chotsekera cha kathanki n'kumangapo chake chija. Anapopa pang'onopang'ono. Muvi unakwera mpaka pa khumi ndi zisanu. Anasiya.

Achangu anali panja, akuyankhula pafoni, akuyang'ana wotchi. Bambo anali pansi, kukuoneka nsapato zokha. Amene ankaona geji anali Teni yekha.

Muvi unaima. Kenako unasuntha pang'ono kwambiri. Teni anapukuta galasi la geji ndi malaya. Muvi unali pa khumi ndi zinayi. Anadikira. Unatsikanso.

"Zili bwanji kumeneko?" mawu anachokera pansi pa galimoto. "Ndiyambe?"

Teni anadzidzimuka. Mawuwo anamveka ngati a achimwene ake.

"Iwe mtsikana, thira mafutawo tizipita!" anakuwa Achangu. "Kwatsala mphindi makumi anayi. Ana akayamba kulira pageti, makolo awo amandidya wamoyo."

Botolo la mafuta linali pomwepo. Akanathira n'kupopanso, muvi ukanakwera, thovu likanatuluka, chopondera chikanalimba, ndipo minibasi ikanapita. Teni anagwira botololo. Anayang'ana pagalasi la minibasi, pomwe panali kachidindo ka dzanja laling'ono kwambiri, zala zisanu zotambasuka.

Anabweza botolo pansi.

"Bambo, musayambe. Muvi ukutsika."

"Wati chiyani?"

"Muvi ukutsika. Pali pomwe pakudontha."

Achangu anaika foni m'thumba.

"Chikudontha ndi chidole chakocho! Mpope wa maluwa ungadziwe chiyani za galimoto? A makaniko, chotsani zamasewerazi. Mwanayu akwere apo aponde monga timachitira masiku onse."

"Sindiponda," anatero Teni. "Ndipo galimotoyi isanyamule ana mpaka titapeza pomwe pakudonthapo."

"Ukuyankhula ndi ine choncho? Ndinayamba kuyendetsa galimoto iwe usanabadwe!"

Bambo anatuluka pansi. Sanakalipire aliyense. Anatenga kapu ya madzi a sopo n'kupaka polumikizira ponse pa chida chija: pachotsekera, pawaya, pageji. Onse atatu anawerama n'kumayang'ana. Thovu silinatuluke.

"Chida chili bwino," anatero bambo. "Popanso, Teni."

Anatenga tochi n'kubwerera pansi. Anayamba kutsata paipi yachitsulo kuchokera kutsogolo, akuisisita ndi chala. Mphindi zinadutsa. Achangu ankangoyendayenda akuguguda makiyi pantchafu.

"Achangu," bambo anaitana. "Tagwadani muone."

Achangu anagwada monyinyirika. Pamwamba pa chitsulo cha matayala akumbuyo, pomwe paipi imapinda, panali matope ouma. Bambo anali atawakanda ndi chikhadabo. Pansi pake paipi inali yofiira ndi dzimbiri, ndipo kadontho ka mafuta kankatuluka, n'kukula, n'kugwa. Bambo anakanikiza pamalopo ndi nsonga ya sikuludiraiva. Chitsulocho chinabonyoka ngati chikhokho.

"Mpweya umalowera apa," anatero bambo. "Tikanauchotsa, buleki ikanalimba lero. Mwina mawanso. Koma tsiku lomwe mukanaponda mwamphamvu, mwana atadutsa kutsogolo kapena pamtsetse, paipiyi ikanaphulika. Mumanyamula ana angati?"

Achangu sanadzuke msanga. Anakhala pasimenti pomwepo, buluku lawo loyera lili m'fumbi.

"Khumi ndi asanu ndi atatu," anayankha motsitsa. "Wina ndi mdzukulu wanga. Amakhala kutsogolo, pambali panga."

Anatulutsa foni n'kuimbira mnzawo kuti akatenge anawo. Atamaliza anayang'ana Teni.

"Mayi, pepani. Pakamwa panga pamathamanga kuposa minibasiyi."

Anasiya makiyi pabenchi n'kunyamuka wapansi kukafuna paipi yatsopano. Kwa nthawi yoyamba, anthu anawaona Achangu akuyenda pang'onopang'ono.

5. Zomwe Teni ananena

M'galaja munatsala anthu awiri. Dzuwa linali pamutu ndipo malata ankalira ndi kutentha. Teni anaphwetsa mpweya mumpope, anamasula chotsekera, n'kuyamba kukulunga paipi.

"Wachita bwino," anatero bambo. "Wapulumutsa ana a eni ake lero."

Teni anasiya kukulunga. Misozi inayamba kugwera pageji.

"Musandiyamike, bambo."

"Bwanji?"

"Tsiku lija ndinadzutsa phazi."

Kenako Teni anapitiriza.

"Pa tayala lomaliza. Foni inalira, ine n'kudzutsa phazi achimwene asananene kuti siya. Ndinadziwa kuti mpweya walowa. Ndinaopa kuti andikalipira, ndiye sindinanene. Anakwera galimoto ndikuwaona. Anandiuza kuti ndiwasungire madzi osamba m'manja. Ine ndinangoti chabwino. Ndinawapha ndine, bambo."

Analira mokweza, kulira komwe sanalire ngakhale tsiku la maliro.

Bambo anakhala pachigubu. Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anadikira mpaka kulirako kutachepa.

"Miyezi isanu ndi itatu wasenza zimenezi wekha?"

Teni anagwedeza mutu movomereza.

"Tamvera, mwanangu. Sindikunamiza kuti sunalakwe. Unalakwa, ndipo kulakwa kwako sikunali kudzutsa phazi. Phazi aliyense limamudzuka. Ine landidzukapo kambirimbiri ndikuphunzira ntchito. Ukanangoti, 'Achimwene, ndadzutsa,' akanakutukwana pang'ono, n'kubwereza tayala limenelo, basi. Mphindi zitatu. Kulakwa kunali kukhala chete. Chinthu chobisa sichichepa, chimakula ngati dzimbiri lomwe waliona lija, kunja kuli matope, mkati chitsulo chikutha. Taona mmene chakudyera. Kudya sukudya, kuseka unasiya, amako akhala akundifunsa ngati ukudwala.

"Koma pali china. Mchimwene wako sanali wophunzira ntchito. Ndinamuphunzitsa ndekha kuti asanatulutse galimoto pageti aziponda buleki katatu. Mpweya wolowa pa kudzutsa phazi kamodzi umafewetsa chopondera, inde, ndipo iye akanamva. Koma kuti galimoto ikanike kuimiratu, osagwira ngakhale tayala limodzi..."

Bambo ankapotokola chipewa chija m'manja ngati akufinya chovala.

"Bambo?"

"Iwe wanena zako. Ine zanga sindinanene."

Anadzuka, anapita pakhomo la galaja, anasuzumira kunyumba, n'kubwerera. Atayambanso kuyankhula, mawu awo anali otsika.

"Kutatsala masiku anayi ngozi isanachitike, kalole kaja kanabwera koyamba. Mchimwene wako kunalibe. Ndinasintha ndine pampu yaikulu ya mabuleki, ija imakankha mafuta kupita kumatayala onse. Yatsopano sinapezeke. Ndinaika yakale yomwe ndinachotsa m'galimoto ina yowonongeka. Ndinaiyang'ana, ndinati ili bwino. Sindinamuuze mwini galimoto. Sindinamuuze mchimwene wako."

Teni anapukuta m'maso. Anali asanaonepo bambo ake akuoneka okalamba chotero.

"Ndiye chinawapha n'chiyani? Phazi langa kapena pampu yanu?"

"Sindikudziwa. Ndakhala ndikuopa kudziwa."

"Nanga tingadziwe bwanji, poti galimotoyo inapita kwa ogula zitsulo n'kukaphwanyidwa?"

"Ndi zomwe ndinauza amako," anatero bambo. "Siinaphwanyidwe. Ndinapempha mkulu wa kumeneko kuti aisunge. Ili kuseri kwa mpanda wake, yofunditsidwa lona. Ndapitako kanayi. Ulendo uliwonse ndimafika, n'kugwira lonayo, n'kubwerera."

Anatola chida chija pabenchi n'kuchipereka kwa Teni ndi manja awiri.

"Kutsogolo kunaphwanyika, koma pampu ndi mapaipi zilipo. Tikamangapo ichi, tiona ngati mapaipi ali bwino. Kenako timasula pampuyo tione mkati mwake. Mawa m'mawa. Ukhoza kukana, sindikukakamiza."

Teni analandira chidacho. Chinali chopepuka, koma anachigwira ngati chingamugwe.

"Ndipita nanu."

Pamenepo panamveka kulira kwa galasi losweka. Onse awiri anatembenuka.

Pakhomo laling'ono lochokera kunyumba panali pataima amayi. Thireyi inali ikadali m'manja mwawo, koma matambula awiri anali pansi, madzi akuyenderera kulowera pansi pa minibasi. Nkhope yawo inali youma, yopanda msozi.

"Galimoto yomwe inapha mwana wanga ilipo," anatero amayi, "ndipo nonse awiri mwakhala mukudya nane pamodzi, aliyense ndi chake mumtima?"



Amayi anaika thireyi pansi bwinobwino, n'kuwongoka.

"Simupita mawa. Tsekani galajayi. Tikupita pompano, ndipo lonayo ndikavundukula ndine."